Miyala Ndi Imene Inandilandira Maliro

Etobicoke, Toronto
6 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene, bambo a Calvin,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Mponela pamodzi ndi alamu anga a Vainess ndi ana onse? Bondo lija likuti bwanji masiku ano? Ndinamva kwa Calvin kuti kuchipatala anakuletsani kupalasa njinga popita kudimba, koma inu unkhutukumve uja simunausiye. Kuno tilipo, tikudzuka. Ulemu ali bwino, watalika mpaka wandipitirira. Ine sindikudwala ayi, koma ndatopa, msana ndi miyendo zonse zikundidandaula.

Musadabwe kuona kalata yapamanja masiku ano a foni. Ndayesa kanayi konse kukujambulirani mawu, koma ndikafika pakati ndimafufuta. Pepala lili ndi ubwino umodzi, ukalimata mu envulopu n'kupatsa munthu, silibwereranso. A Lewis a kutchalitchi kwathu kuno akunyamuka Lachinayi kupita ku Lilongwe, ndiye ndawapempha kuti adzakupatseni m'manja mwanu. Muwerenge muli nokha, mutakhala pansi.

Ndisapite m'mbali, nkhani ndi iyi. Bambo a Ulemu, alamu anu a Overtone, sanaikidwe m'manda monga ndinakuuzirani. Thupi lawo linatenthedwa. Phulusa lawo lili m'nyumba muno, m'kabokosi, pamwamba pa wadirobu kuseri kwa mabulangete. Zaka zitatu ndi theka tsopano ndikugona nawo chipinda chimodzi, ndipo kumudzi palibe ndi mmodzi yemwe akudziwa. Inu ndinu oyamba.

Ndikudziwa kuti pepala mwaliika pansi. Litoleni, achimwene, mundimve kaye mpaka kumapeto. Kukalipako mukalipa bwino pambuyo pake, ndipo sindidzakuyankhani.

Mukukumbukira mmene zinthu zinalili mu Epulo 2021. Matenda aja anawatengera kuntchito kwawo, kunyumba yosungira katundu ku Brampton. Anagonekedwa masiku khumi ndi awiri ine osawaona, chifukwa nanenso anali atanditsekera m'nyumba ndi chifuwa chomwecho. Atatisiya, anthu okonza za maliro anandiimbira foni kufunsa chochita. Za kutumiza thupi kumudzi anati nthawi imeneyo zinali zovuta, ndipo sakanandilonjeza tsiku. Sindinama kuti Chingerezi chawo chinandipita, ndinamva bwinobwino. Ndinaganiza ndekha kuti manda sanyamulika. Ndikawaika kuno ndiye kuti atsala kuno mpaka kalekale, pamene phulusa ndikhoza kudzalinyamula kupita nalo kwawo ku Nambuma. Ndinasaina mapepala thupi likutentha, popanda woti ndimufunse nzeru.

Koma tsiku lomwelo apongozi anga ataimba foni, n'kufunsa ndi mawu onjenjemera ngati mwana wawo ndamuika bwino, pakamwa panga panatuluka eya. Atafunsa ngati mutu unaloza koyenera, ndinatinso eya. Basi, bodza linabadwa pomwepo, ndipo linayamba kufuna chakudya. Chaka chotsatira atapempha chithunzi cha manda, ndinadikira tsiku limene sinowo inagwa yambiri, ndinakwera basi, n'kukajambula manda a munthu wosamudziwa dzina litakwiririka. Ndamva kuti chithunzicho anachitsukitsa ndipo amachisunga m'buku lawo la nyimbo. Mwezi wathawu amalume awo a malemu, a Justin, atumiza uthenga kuti nthawi yomanga chiliza yakwana, ndiwauze dzina la mandawo kuti banja ligwirizane mawu olemba pamwala. Ndinawayankha kuti netiweki ikuvuta. Netiweki kuvuta ku Canada, achimwene! Ngakhale iwo ndikhulupirira sanamvetse.

Mwina mukufunsa kuti chanditsegula pakamwa lero n'chiyani, popeza ndakhala chete nthawi yonseyi. Ndi ulendo wina umene ndinayenda sabata ziwiri zapitazo. Ndiloleni ndiufotokoze, chifukwa popanda iwo kalata ino sikanalembedwa.

Ntchito yanga mukuidziwa, yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Masiku anayi pa sabata ndimakwera basi, kenaka sitima, kupita ku Oakville kwa agogo ena achizungu, dzina lawo a Angela, a zaka 86. Miyendo inafooka, amayenda pa wilutcheya, koma pakamwa ndi pakuthwa. Mutu tsiku lina umagwira, tsiku lina umasokonekera. Amuna awo a William anamwalira chaka chatha. Ndimawasambitsa, kuwaveka, kuwaphikira, kuwadzutsa pabedi ndi kuwagonekanso. Msana wanga unathera pamenepo. Anthu kumudziko akamati Hilda akudya bwino ku Canada, muziwauza kuti n'zoona, koma akudya ataimirira.

Nyengo yotentha yonseyi agogowa ankangoimba nyimbo imodzi, yakuti akufuna akaonenso fiyodi asanafe. Ine mawuwo ndinali ndisanawamvepo, ndinkayesa ndi dzina la munthu. Anandifotokozera kuti ndi malo, madzi aatali oyenda pakati pa mapiri a miyala, kudera lotchedwa Saguenay, kumene iwo ndi amuna awo anakacheza atangokwatirana kumene. Mwana wawo Mark, amene amakhala kutali ku Vancouver, anakonza zonse pa kompyuta, koma iye kubwera ayi, akuti ntchito yachuluka. Ndiye katundu anagwera ine. Amayi anzanga kutchalitchi ankandisirira, amvekere Hilda wapeza holide yaulere. Holide yake iti yokankha munthu wamkulu kupita naye kuchimbudzi cha m'sitima, sitimayo ikugwedezeka?

Tsiku lonyamuka ndikulongedza mankhwala ndi zovala, agogo analoza chitini cha mabisiketi chimene chinali pa shelefu, chomata ndi selotepi kuzungulira. Anati ndichiike m'chikwama changa ndipo chisatalikirane ndi ine. Chinkalemera ngati paketi ya shuga. Sindinafunse, chifukwa pa ntchito imeneyi ndinaphunzira kuti nkhalamba zimasunga mabatani, makiyi akale ndi zina zotero, ndipo ukafunsa umayambitsa nkhani ya maola awiri. Ndinatenganso chithunzi cha amuna awo chimene chimakhala kumutu kwa bedi, popeza sagona osachiona.

Agogo ndege amaiopa, choncho tinayenda pa sitima yapamtunda. Kuchoka ku Toronto m'mawa, kusintha ku Montreal, kukafika mumzinda wa Quebec dzuwa litapendeka. Kumeneko amalankhula Chifalansa, ine ndinangosanduka wosamva ndi wosalankhula. M'njira monse agogo ankandifunsa ngati William ali bwino. Ine ndinkadziwa kuti akunena chithunzi chija, ndiye ndinkangoti ali bwino, ali m'chikwama. Iwo ankagwedeza mutu mokhutira.

Tinagona pa hotela. M'mawa mwake kunabwera kaminibasi kodzatitenga. Tonse tinalimo anthu asanu ndi atatu: ife awiri, mnyamata ndi mkazi wake ochokera ku Korea amene ankangojambulana, amayi awiri apachibale ochokera ku America, bambo wina wa ku Germany wosatsegula pakamwa, ndi mwini ulendo, a Luke, bambo wa ndevu zaimvi amene ankayendetsa galimoto uku akutifotokozera zonse pa kachimkuzamawu. Anatipepesa kuti tapanikizana. Ndinaseka chamumtima, chifukwa kondakitala wa pa Mponela akanaona mipando ija akanati muli malo a anthu ena khumi.

Ulendo wa pamsewu unali wa maola oposa atatu. Mitengo inali itayamba kusintha masamba, ena ofiira, ena achikasu, nkhalango yonse ngati ikupsa koma utsi osaoneka. A Luke ankafotokoza za madzi oundana akalekale amene anakumba dera lonselo, ine ndinkasinza. Miyendo inali itatupa kuyambira dzulo lake. Tsono ndinatulutsa chitini chija m'chikwama, kuchiika pansi, kuvula nsapato, n'kusanjikapo mapazi. Ndinamva bwino kwabasi. Maola atatu mapazi anga anali pamenepo. Achimwene, mawu amenewa muwasunge.

Masana tinaima pa kamudzi kena ka m'mphepete mwa madzi kuti tidye tisanakwere boti lokaonera fiyodi ija. Ine ndinayamba kudyetsa agogo, kuwamwetsa mankhwala, kupita nawo kokadzithandiza. Pobwera ndinapeza anzanga atamaliza, msuzi wanga utazizira. Njala inali itandipweteka, ndiye ndinakumbukira chitini, n'kuganiza kuti mwina mulidi mabisiketi. Ndinafika mpaka potukula selotepi ndi chikhadabo, koma nthawi yomweyo a Luke anakuwa kuti boti likunyamuka. Mulungu amadziwa kupulumutsa zitsiru zake.

Botilo linali lapakatikati, munalinso alendo ena, tonse ngati makumi atatu. Anthu awiri anandithandiza kukweza wilutcheya, ndipo agogo anakana kukhala mkati mofunda, anati akufuna kunja chakumbuyo. Mphepo yake, mayo! Ndinavala majekete awiri, chitenje changa n'kufunda pamwamba. Makutu ankachita kuluma.

Fiyodiyo ndikufotokozereni bwanji? Ganizani phiri lalikulu, munthu walidula pakati ndi nkhwangwa, n'kuthira madzi mumpatamo. Uku miyala, uko miyala, yoima njo, yaitali moti ukafuna kuona nsonga yake mpango umagwa kumutu. Madzi ake ndi akuda bii ngati tiyi wopanda mkaka. A Luke anati pamwamba ndi madzi a mtsinje, koma pansi pali madzi amchere ozizira kwambiri ochokera kunyanja yaikulu, ndipo kuya kwake n'kochititsa mantha. Anzanga ankangoti haa, hoo, mafoni m'mwamba. Ndinene zoona, n'kokongola, koma munthu ukatopa kukongola kumangokudutsa. Maso anga anali pa buleki ya wilutcheya ndi pa bulangete la agogo limene mphepo inkafuna kulilanda.

Titayenda ngati ola limodzi tinafika pa chithanthwe chachikulu kuposa onse. Pamwamba pake anaimikapo chifaniziro choyera cha Amayi Maria, chikuyang'ana madzi. Woyendetsa boti anazimitsa injini. A Luke anatiuza kuti tikhale chete, chifukwa pamalo amenewo miyala imayankha, ndipo anapempha wina kuti ayesere. Mnyamata wa ku Korea uja anafuula dzina la mkazi wake, ndipo patangopita kanthawi dzinalo linabwerera kuchokera kumiyala. Anthu anaseka, ena kuomba m'manja. Inenso ndinamwetulira, n'kukumbukira mmene tinkachitira tili ana kumapiri a ku Dowa.

Kenaka a Luke anabwera kudzagwada pafupi ndi agogo, n'kuwanong'oneza kuti nthawi ija yakwana, woyendetsa wavomera kudikira pang'ono. Anapempha alendo ena kuti asendere kutsogolo. Kumbuyoko tinatsala ife a m'kaminibasi tokha. Ine ndinkangoti mwina akufuna kuwajambula. Pamenepo agogo ananditembenukira n'kunena kuti ndiwapatse William.

Ndinatulutsa chithunzi. Anandiyang'ana ngati wozungulira mutu ndine, n'kunena kuti osati chimenecho, chitini.

Achimwene, thupi lonse linazizira kuposa mphepo ija. Munali munthu m'chitinimo! Masiku awiri ndanyamula maliro m'chikwama momwe ndimaikamo mafuta odzola ndi tchaja ya foni. Ndadya nawo, ndagona nawo, ndawapondaponda ndi mapazi anga otupawa, ndipo pang'onong'ono ndikanapisamo dzanja kufuna bisiketi. Agogo ataona nkhope yanga anandilimbitsa mtima kuti ndisadandaule, ndi theka chabe, theka linalo lili kwa Mark ku Vancouver. Kumugawa munthu pakati ngati thumba la feteleza la anthu awiri! Ndinafuna kudabwa nawo azunguwa, koma ndinakumbukira za pamwamba pa wadirobu yanga, n'kutseka pakamwa.

Manja awo amanjenjemera, choncho wotsegula ndinali ine. Ndinamatula selotepi, ndinachotsa chivundikiro, mkati munali kajumbo. Kabokosi ka bambo a Ulemu sindinakatsegulepo chilandirireni, ndinalibe mtima. Tsiku limenelo ndi pamene ndinaona koyamba mmene munthu amaonekera akatero. Phulusa lotuwa, lolemera ngati mchenga, losakanikirana ndi tizidutswa toyera. Ndinagwirizira dzanja la agogo, iwo n'kupendeketsa kajumboko. Phulusa linagwera pa madzi akuda aja, linayandama pang'ono, kenaka linayamba kumira.

Kunalibe nyimbo. Kunalibe pemphero, kunalibe mbusa, kunalibe wonena mbiri ya malemu. Agogo anangoti William apite bwino, awasungire malo, basi. Amayi a ku America aja anaweramitsa mitu, bambo wa ku Germany anavula chipewa. Kenaka zii. Munthu wamkulu, bambo wa mwana, akupita choncho ngati tataya madzi otsukira mbale.

Inu mukuwadziwa malemu amayi athu mmene anatilerera. Ankati maliro n'kulirana, ndipo mkazi sangaime pa maliro opanda wolira manja ali lende. Ndinaganiza kuti ndiwathandizeko agogowa pang'ono, ndiwalirire amuna awo monga timachitira kwathu. Ndinazindikira kuti chitenje chija ndachimanga kale m'chiuno, manja ali kunkhongo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndibume. Koma dzina limene linatuluka silinali la a William. Ndinamva mawu anga akukuwa kuti mayo ine, bambo a Ulemu ine, Mbewe wanga ine, mwandisiyira yani!

Ndiye miyala ija inayankha. Inati yani, yani.

Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu. Ukamafika pa siwa umayamba kulira uli panjira, ndipo amayi amene ali m'nyumbamo amakulandira, nawonso amakweza mawu, kuti udziwe kuti suli wekha. Ine amuna anga atamwalira palibe anandilandira. Ndinkalira nditaluma pilo kuopa kuti anthu oyandikana nawo nyumba angaitane apolisi, komanso kuti Ulemu angachite mantha. Anzathu a kutchalitchi anayesetsa, anachita mapemphero pa kompyuta, nkhope zili m'timabokosi, aliyense atatseka mawu ake kuti abusa amveke. Sindikuwada, nthawi yake inali yotero. Koma kulira kwanga kunakhala kopanda woyankha kwa zaka zitatu ndi theka, mpaka tsiku limenelo, pakati pa madzi a eni, pamaso pa anthu osandidziwa.

Ndinafuulanso kachiwiri, dala, kuti ndimve ngati indiyankhenso. Inayankha. Ndinafuula kachitatu. Apo ndinangopezeka ndagwada pansi m'botimo, ndikulira kumene ndinayenera kulira mu 2021.

Chipwirikiti chimene chinabuka musachifunse. Wantchito wa m'boti anathamanga ndi bokosi la mankhwala poganiza kuti ndavulala. Amayi a ku America wina ankandipatsa madzi, wina ankafunsa ngati ndili ndi mapiritsi amene ndaiwala kumwa. A Luke, amene tsiku lonse anali ndi yankho pa chilichonse, anangoima kukamwa kuli yasa. Nzeru zitayamba kubwerera, manyazi anandigwira. Ndinati basi, ntchito yatha, ndaononga mwambo wa eni, nkhani ikafika kwa Mark andichotsa.

Koma agogo anawabweza onse ndi dzanja, anati andisiye. Anandikoka n'kugoneka mutu wanga pa maondo awo, pa bulangete lija. Anadikira mpaka nditatonthola. Kenaka anandifunsa kuti amene ndimamuitanayo ndi ndani, chifukwa ngakhale chinenero changa sachimva, dzina la William amalidziwa, ndipo silinamveke. Tsiku limenelo mutu wawo unali ukugwira bwino kuposa wanga.

Ndinawauza zonse. Za chipatala, za mapepala, za wadirobu, za chithunzi cha manda a mwini. Ndinaulula ngakhale za mapazi anga pa chitini. Pamenepo anaseka mpaka kutsokomola, anati William anakhala zaka makumi asanu ndi limodzi akuwasanjika mapazi ozizira pabedi, ndiye zakhala bwino kuti wina wawabwezera. Atamaliza kuseka anandifunsa ngati amayi awo a amuna anga ali moyo. Ndinati ali moyo. Apo anandikalipira monga amachitira ndikawathirira tiyi wozizira. Anati ndiye ndasunga mwana wa mwini pamwamba pa wadirobu, mayi wake akupempherera manda a mlendo? Anati iwonso ndi mayi, ndipo wina atawachita zotero pa Mark, angasankhe kumva zoona n'kukwiya kusiyana n'kumapsompsona chithunzi chabodza. Anati ndimupititse mwanayo kwa amake nthawi isanathe, chifukwa nkhalamba sizidikira, iwo akudziwa.

Injini inalira, boti linatembenuka. Pobwerera anzanga akuti anaona namgumi woyera akutumphuka patali, anathamangira mbali imodzi ndi mafoni awo. Ine sindinaone kanthu, maso anali atatupa. Ndiye mukamva kuti mlongo wanu anapita kukaona zodabwitsa za ku Canada, dziwani kuti anangoona bulangete la nkhalamba. Potsika bambo wa ku Germany uja, amene sanalankhule tsiku lonse, anandigwira dzanja ndi manja awiri ngati munthu wakwathu, n'kumapita. Chitini chopanda kanthu agogo anafuna kundipatsa kuti ndiziikamo mabisiketi. Ndinathokoza, koma ndinakana.

Ntchito sinathe, ndikupitabe ku Oakville. Kungoti tsopano ndikangolowa pakhomo, moni asanapereke, amafunsa ngati kalata ndalemba. Masiku ena amaiwala dzina langa, koma zimenezi saiwala.

Nditafika kunyumba ndinakhala pansi ndi Ulemu. Iye za kabokosi amadziwa kuyambira pachiyambi, anali ndi zaka khumi ndi zitatu nthawi imeneyo, ndipo m'mawa uliwonse popita kusukulu amasuzumira kuchipinda kwanga n'kuwatsanzika bambo ake. Ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi. Zaka zonsezi ndinkadandaula pagulu kuti mwanayu Chichewa chikumuthawa, koma mumtima ndinkathokoza, chifukwa akamalankhula ndi agogo ake pa foni amathera pa ndili bwino kaya inu, sangaulule kanthu. Nditamuuza kuti ndikufuna kulembera inu, anandiyankha m'Chingerezi chake chothamanga kuti wakhala akudikira, ndipo kabokosiko adzakanyamula yekha pamiyendo mu ndege, sikadzalowa m'sutikesi. Anandipemphanso kuti ndimuphunzitse mawu oti akanene kwa agogo ake, aatali kuposa moni. Tayamba, ngakhale lilime lake likulimba.

Tsopano pempho langa. Inu munali nkhoswe ya ukwati wathu, ndipo sindinamvepo kuti unkhoswe umatha munthu akamwalira. Chonde pitani ku Nambuma. Musaimbe foni, musatume Calvin, mupite nokha, ndipo bondolo mulichitire chifundo, mukwere galimoto. Muyambe mwaonana ndi a Justin, kenaka nonse awiri mukakhale pansi ndi apongozi anga. Mukawauze zonse monga ndalembera, musakandikometsere. Cholakwa ndi changa ndekha, Ulemu anali mwana. Mukawapemphe kuti alole mwana wawo abwere kwawo, akagone pamanda a makolo ake, ndipo chiliza chimene akufunacho chikamangidwe pamenepo, pamene angathe kufikapo ndi ndodo yawo.

Sindikudziwa ngati adzukulu angavomere kukumbira kabokosi kochepa chotere, zimenezi kumudziko sizinaonekepo. Ngati akuluakulu anena kuti pakhale bokosi lenileni, likhalepo, tidzaikamo kabokosiko. Akanena kuti ndipepese ndi mbuzi, ndidzapepesa. Akatukwana, muwasiye atukwane, ali ndi chifukwa. Mlandu suola, ndauona ndi maso anga. Chithunzi chija muwapemphe mwaulemu kuti achichotse m'buku la nyimbo, munthu wa eni uja apumule, wagwira ntchito yosakhala yake.

Sukulu ya Ulemu itsekera pakati pa Disembala, ndipo ine ndapempha kale tchuthi. Ndikudziwa kuti ndi nthawi ya mvula ndi yolima, koma ndamva kuti apongozi adwaladwala chaka chino, ndiye ndikuopa kudikira chilimwe. Mukabwerako mundiimbire, kaya yankho ndi lotani. Akakana, mundiuze mosabisa. Bodza la m'banja muno ndalimaliza ine, lisapitirire.

Mundiperekere moni kwa azakhali ku Madisi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ali m'kathumba kamene a Lewis anyamula. Moni kwa achemwali a Mirriam ndi alamu, kwa Calvin ndi mkazi wake, ndi kwa adzukulu anu onse amene ndimangowaonera pa foni. Onsewa musawauze kanthu mpaka mutabwerako ku Nambuma.

Alamu anga a Vainess okha muwawerengere kalatayi, chifukwa ndili nawo ntchito. Ngati atilola kubwera, tsiku limenelo ndidzatsika galimoto patali, ndipo ndidzayamba kulira ndili panjira monga mwa mwambo wathu. Mwina m'nyumbamo mudzangoti zii chifukwa cha mkwiyo, ndipo sindidzawaimba mlandu. Ndiye alamu angawo adzalawirire, adzakhale atalowa kale n'kukhala pakati pa amayiwo. Ndikadzafuula, adzandiyankhe, ngakhale atakhala okha.

Ndatopa, achimwene. Sindingathe kubwereranso kukalirira miyala.

Tsalani ndi Mulungu, ndipo andichitire chifundo inenso.

Ndine mlongo wanu,
Hilda, amake Ulemu